Tambala wa m'Nyimbo ya Kezia

"Zimitsa chinthucho! Iwe Alexio, ndati zimitsa!"

A Elifala, eni ake a tiyirumu ya pa Kasakula, anatsika pakhonde ketulo ili m'manja, tiyi akutayikira m'fumbi. Alexio anali wogulitsa makaseti. Tsiku la msika ankayala katundu wake pathebulo pansi pa bulugamu, n'kulumikiza wailesi ku batire ya galimoto, ndipo tsiku limenelo anali ataitsegula mpaka kumapeto. Mawu a mkazi anadzaza msika wonse, magitala ndi ng'oma zikumutsata pambuyo:

Tambala wa kwathu wasiya kulira,
Kunja kwacha, iye ali chigonere.
Ndimuphe kodi, ndimusunge kodi?
Amayi ndiuzeni, ine msoti ndatopa.

"Koma bambo, nyimboyi ikulira dziko lonse," anatero Alexio. "M'mabasi ndi yomweyi, m'malo ogulitsira mowa ndi yomweyi. Ine ndalakwa chiyani?"

"Dziko lonse si kuno. Ukafuna kutukwana anthu, kayale thebulo lako ku Blantyre."

Alexio anazimitsa. Msika unangoti zii, ndipo maso a anthu anatembenukira kumzere wa ogulitsa nyemba, kumene Manesi anakhala atatambasula miyendo kuseri kwa dengu lake. Iye anayamba kusankha timiyala m'nyemba zimene anali atazisankha kale kunyumba.

Woyimbayo anali mwana wake woyamba. Ndani m'Malawi muno amene sankamudziwa Kezia wa ku Ntchisi? Anayambira m'kwaya ya tchalitchi cha kwawo, kamtsikana kopanda nsapato kamene kankati kakakweza mawu, ngakhale nkhalamba za chifuwa zinkaiwala kutsokomola. Atamaliza Sitandade 8 anapita ku Lilongwe kukalera ana a msuweni wake. Kumeneko gulu lina loyimba m'mahotela linamumva paukwati, basi ulendo unayambira pomwepo. Zaka zisanu ndi ziwiri anaima kumbuyo kwa amuna, kuvomera nyimbo za eni ake, kugona m'malole pakati pa zokuzira mawu. Kenaka anasamukira ku Blantyre n'kutulutsa kaseti yakeyake, patapita chaka inanso, ndipo yachitatuyi inali itasesa dziko. Atsikana ankamanga duku monga ankamangira iye pachithunzi, mfundo pamwamba pa khutu. Malata a panyumba ya Manesi anagula ndi Kezia. Pachikuto cha kaseti sankalembapo dzina la bambo ake kapena la mwamuna wake, ankangolemba kuti Kezia wa ku Ntchisi, ndipo anthu a kwawo ankanyada nazo kwambiri mpaka nyimbo ya tambala itatuluka.

Vuto linali apa. Chaka chapitacho kunali chisankho, ndipo chipani chakale, chija cha chizindikiro cha tambala, chinagwa. Kumapiri kuno anthu ambiri anavotera chomwecho, ndipo bala linali lisanapole. Tsono munthu ayimbe kuti tambala wasiya kulira, aikemonso mawu akuti kwacha, mawu enieni amene anthu ankafuula pamisonkhano zaka makumi atatu, kenaka afunse ngati amuphe! Kumwera ankaivina akuseka. Kuno ankaimva ngati mwana wawo yemwe wawavula pagulu. Kezia ananena pawailesi kuti nyimboyo si yandale, ndi ya pamtondo ya kwawo, koma ndani akanamumvera? Masiku amenewo ngakhale mtundu wa malaya unali ndi chipani.

A Elifala, amene kale anali tcheyamani wa nthambi, anadzaima kutsogolo kwa dengu la Manesi.

"Amake Kezia, tamva kuti mwana wanu akubwera Loweruka."

"Eya bambo. Akubwera kudzationetsa khanda."

"Muuzeni alione yekha khandalo. Msewu wopita kwanu ndi umodzi, umadzera pano. Ine sindikuopsezani ayi, ndikungonena zimene amuna akunena mutiyirumu mwanga. Galimoto ikafika pano ibwerera yopanda magalasi. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, mayi. Ndikunena chifukwa amuna anu ndi anzanga."

Zaka zitatu zinali zitapita Manesi asanamuone mwana wake, ndipo mdzukuluyo, Tamandani, ankangomudziwira m'kalata. Kalata yomalizayo anaisunga m'Baibulo, yatha m'mapindiro chifukwa choipatsa aliyense wodziwa kuwerenga kuti amuwerengerenso.

A Elifala atachoka, Ester anasendera pafupi. Ameneyu anali mnzake wa Manesi kuyambira pa utsikana wawo, wogulitsa tomato, mkazi wa pakamwa posatsekeka.

"Iwe Manesi, wangoti duu ngati chitsa bwanji? Bwanji sunawauze? Nkhuyuzo anadya ndi mwana kapena ndiwe?"

"Tsitsa mawu, Ester."

"Nditsitse chiyani? Munsi wachiwiri pamtondo paja unali wa yani? Si ine ndinkakuvomera? Chipani chinalowamo liti m'nyimbo imeneyi?"

"Ndiye ndiime pakati pa msika ndinene kuti tambalayo ndi amuna anga? Mkulu wa mpingo? Ndidzawayang'ane bwanji Lamulungu akugawa mgonero?"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," anatero Ester. Koma nayenso ananena motsitsa, chifukwa ankadziwa kuti nkhaniyo siinali yaing'ono.

Zoona zake zinali izi. Zaka makumi awiri m'mbuyomo a Enoki, amuna a Manesi, anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi sutikesi imodzi ndi chifuwa chachikulu. Atatuluka m'chipatala ku Madisi anagona m'nyumba chaka chathunthu. Khasu silinagwirike, denga silinafoleredwe, ndipo za kuchipinda zinathanso. Manesi anali adakali wamng'ono, magazi akuwira, ndipo anatopa. Mkazi wa kuno akatopa sapita kubwalo, amapita pamtondo. Kumeneko amatha kunena chilichonse, bola achinene m'nyimbo, ndipo mwamuna wanzeru amakhala ngati alibe makutu. Manesi anaipeka nyimboyo yekha kuseri kwa nyumba, akusinja ndi Ester, Kezia ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atakhala pansi akutola gaga. A Enoki atachira Manesi sanaiyimbenso, anaikwirira ngati munthu wokwirira chinthu chonunkha. Ankayesa kuti inawola. Ha, osadziwa kuti kamwana kaja kanaimeza yonse, n'kudzailavula patapita zaka makumi awiri ili ndi magitala.

Tsiku lotsatira Manesi anawapeza a Enoki m'chigafa akusoka fodya. Anali atakhala pakampando, singano yaitali ili m'manja, masamba atawaunjikira kumiyendo. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa imvi m'mbali mwa mutu, woti akalowa m'bwalo la tchalitchi ana ankasiya mpira.

Manesi anagwada pakhomo la chigafa.

"Abambo ake a Kezia, ndimati titumize munthu ku boma akaimbe lamya. Mwanayu asabwere."

"Chifukwa?"

"Simunamve? Akuti aphwanya galimoto. Muli khanda m'menemo."

"Ndamva," anatero a Enoki. Anasoka masamba ena angapo, n'kupachika pamkangala. "Kodi nyimbo imeneyi mwanayu anaitenga kuti?"

Manesi anatsala pang'ono kuulula. Anayang'ana manja a amuna ake, akuda ndi utomoni wa fodya, manja amene analera ana anayi osamenyapo ndi mmodzi yemwe, ndipo anachita mantha. Ayi ndithu, sakanatha.

"Kaya. Za m'tauni izo."

"Oho," anatero a Enoki. "Musatumize munthu. Mwana saletsedwa kwawo."

Masiku otsalawo Manesi anakhala ngati wodwala malungo. Akaganiza za mwala ukulowa pagalasi, ankati basi ndinena. Akaganiza za a Enoki akuyenda pamsika anthu akukodolana, ankati ndife kaye. Anapemphera, koma pemphero lake linalibe mutu, chifukwa sankadziwa chimene akupempha.

Loweruka msika unadzaza kuposa masiku onse. Ena anabwera kudzagula, ambiri anabwera kudzaona. Amuna anaunjikana pakhonde la tiyirumu, ena ataphatikiza miyala m'manja kumbuyo, ngati miyalayo sikuoneka. A Enoki nawonso anabwera, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, atavala jekete lawo lakuda la kutchalitchi ndi chipewa. Anakakhala pangolo ya munthu wina pafupi ndi thebulo la Alexio.

Dzuwa litafika pamutu fumbi linaoneka kumtunda. Inali galimoto yaing'ono yoyera. Itafika pamphambano amuna aja anatsika pakhonde n'kutseka msewu, ndipo dalaivala anaima. Manesi anaona duku lija, mfundo pamwamba pa khutu, ndi kamutu ka mwana pachifuwa. Wina anamenya denga la galimoto ndi chikhatho.

"Bwerera! Kaphe tambala wa kwa amuna ako!"

Manesi anadzuka, dengu n'kugubuduzika, nyemba mbwee pansi. Ester anamugwira mkono.

"Alexio!" Anali mawu a a Enoki. Anali ataimirira pamwamba pa ngolo. "Taiyikapo nyimbo ija."

"Bambo, anandiletsa."

"Ndakuloleza ine. Iyike anthu aimve bwinobwino, chifukwa ndikuona kuti ambiri akwiya asanaimvetse."

Alexio anayang'ana a Elifala, anayang'ananso a Enoki, n'kukanikiza batani. Ndime yoyamba itatha a Enoki anakweza dzanja, iye n'kuzimitsa. Kenaka anavula chipewa.

"Abale anga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nonse mukundidziwa. Chipani chimene mukuliriracho nanenso ndinachivotera, a Elifala ndi mboni, tinaima pamzere umodzi. Koma tambala wa m'nyimboyi si wanu ayi. Musalande zinthu za eni ake. Tambala ameneyu ndine."

Manesi anangokhala pansi, panyemba zake zomwe.

"A Elifala, chaka chimene ndinabwera kuchokera ku Joni, anandikweza pangolo kunditulutsa kumsewu ndani?"

"Ndine," anayankha a Elifala, mawu akutuluka mokakamiza.

"Ndinagona nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka."

"Chaka chathunthu. Khasu linandikanika. Ndi ntchito ina ija ya m'nyumba, imene sititchula pali ana, nayonso inandikanika. Akuluakulu mwamva. Akazi anga anali msoti ndithu, ndipo anakanena pamtondo monga amanenera amayi athu onse. Nyimboyi ndi yawo. Mwanayu anangoitola pansi pamodzi ndi gaga."

Azimayi anagwira pakamwa ndi zitenje. Koma a Elifala sanafune kugonja msanga.

"Nanga mawu akuti kwachawo?"

"Kodi a Elifala, kunja kunayamba kucha ndi chipani? Chisanabwere tinkakhala mumdima?"

Amene anayamba kuseka anali Ester, chiseko chachikulu chosabisa, akudziomba pantchafu. "Ndinalipo ine! Munsi wachiwiri unali wanga!" Chisekocho chinagwira mzere wa tomato, chinalumphira kwa ogulitsa usipa, mpaka chinakafika kwa amuna otseka msewu aja. Wina kumbuyo anafuula: "Nanga lero, madala, tambalayo amalira?"

"Kezia ali ndi ang'ono ake atatu obadwa nyimboyo itayimbidwa kale," anatero a Enoki, nkhope ili gwa. "Werengani nokha."

Eee, msika unagwa nacho chiseko. Munthu sangaseke atagwira mwala, ndiye miyala ija inayamba kugwa umodziumodzi kumbuyo kwa eni ake. A Elifala anapukusa mutu, anayesa kulimba, kenaka nawonso mano anaoneka. "Ndiye ife takhala sabata zonsezi tikumenyera nkhondo tambala wa m'nyumba mwa a Enoki? Patukani pamsewupo, anthu inu, mukundichititsa manyazi."

Chitseko cha galimoto chinatseguka. Kezia anatsika, mkazi amene anayimbapo pamaso pa anthu zikwizikwi osanjenjemera, koma pamenepa milomo inkamunjenjemera. Anadutsa pakati pa anthu mwana ali m'manja, n'kukagwada m'fumbi pafupi ndi ngolo, chovala chake cha mtengo wapatali chili pansi.

"Ababa, sindinkadziwa. Mulungu ndi mboni. Ine ndinkayesa amayi ankanena tambala weniweni, wofiira uja wa diso limodzi amene ankagona pankhokwe."

Anthu anasekanso mpaka ena kugwira nthiti, koma Kezia ankalira.

"Ndikaichotsa, ababa. Ndikawauza asaiyikenso pawailesi, makaseti otsala ndikawotcha."

"Uwotche chifukwa chiyani? Ndi nyimbo yabwino. Amako anapeka bwino, iwe unayimba bwino. Wolakwa ndi tambala. Tandipatsa munthuyo ndimuone."

Anatsika pangolo n'kulandira mdzukulu wawo. Pamenepo mpamene azimayi anayamba nthungululu, ndipo amene anabwera kudzaona magalasi akusweka anayamba kukankhana kuti agwire dzanja la Kezia. Alexio anagulitsa makaseti onse dzuwa lisanapendeke. Ena anamukakamiza Kezia kuti ayimbe pomwepo, ndipo anayimba nyimbo ziwiri za m'kaseti yake yoyamba ataima pakhonde la tiyirumu, popanda gitala, a Elifala atamutulutsira mpando ndi tiyi wamkaka. Ya tambala anakana.

Manesi sanaimirire nawo pagulupo. Anamukumbatira mwana wake, anamubereka Tamandani kumbuyo, n'kukatola nyemba zake imodziimodzi, chifukwa sankadziwa koyang'ana. Chimwemwe chinali chitamudzaza, koma manyazi nawo anali pomwepo. Mwana wake anali atafika kwawo wamoyo, wopanda bala, ndipo ankadziwa bwino amene analipira.

Galimoto inatsogola ndi Kezia ndi Ester ndi katundu. A Enoki anati iwo ayenda pansi monga anabwerera, ndipo Manesi anawatsatira mwana ali kumsana. Atangopitirira chigayo, mwamuna wina kuseri kwa mpanda anakuwa mokweza: "Kokolilikooo!" Anzake anaphulika kuseka.

A Enoki sanacheuke. Koma Manesi, amene anali pambuyo pawo, anaona khosi lawo likuuma. Anadziwa kuti zimenezi sizidzatha mawa kapena chaka chamawa. Adzazimva kumaliro, adzazimva kumsika wa fodya, adzaziona pankhope za anthu akugawa mgonero. Munthu amene anasunga ulemu wake zaka zonsezi anauyala yekha pamsika ngati tomato.

Atafika pakamtsinje, pamene panalibe anthu, Manesi anagwada pakati pa njira, mwana ali kumsana, n'kuomba m'manja katatu.

"Zikomo, abambo ake a Kezia. Zikomo kwambiri. Ndilibe mawu ena. Ndinayenera kunena ndine, koma ndinaopa. Ndinakunamizani m'chigafa muja. Mundikhululukire."

"Dzukani, mugwetsa mwana."

"Ndiye munaimva? Zaka zonsezi mumadziwa?"

"Mtondo unali kuseri kwa khoma, mutu wanga unali mkati mwa khoma lomwelo. Ndikanalephera bwanji? Chifuwa ndiye chinkandipweteka, makutu anali bwinobwino."

"Bwanji simunandikalipire? Bwanji simunanene ngakhale kamodzi?"

A Enoki anavala chipewa chawo. Poyankha, mawu awo anali otsika kwambiri.

"Ndikananena mukanasiya kuyimba. Ine ndinkadziwa kuti abale anu akukuuzani kuti mundisiye mubwerere kwanu. M'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi mantha, n'kumamvetsera. Ndikamva munsi ukugunda, inu mukunditukwana, ndinkati zikomo Ambuye, sanapite."

Manesi analira mokweza ngati kamtsikana, mpaka Tamandani anadzidzimuka n'kuyamba kulira nawo. A Enoki anamugwira Manesi pachigongono n'kumudzutsa, chinthu chimene anali asanachitepo panjira chikwatiranireni. Iye anamangitsa chitenje cha mwana, anapukuta m'maso, ndipo anawoloka mtsinjewo ali limodzi.